Kugwada Pakati pa Mizere

Chithunzi choyamba chimene ndinachikonda ndi mtima wonse chinali cha duwa lofiira, laling'ono ngati chikhadabo cha khanda. Ndinalipeza m'munda mwa amayi ku Balaka chakumapeto kwa Febuluwale wa 2021, litabisala m'munsi mwa chimanga. Ndinagwada pakati pa mizere n'kuyandikiza foni mpaka kutsala pang'ono kuligunda. Pagalasi la foni kaduwa kaja kanakula n'kudzaza malo onse, kofiira psuu ngati khala la moto, kukhosi kwake kwachikasu, tsinde lake lili ndi tiubweya tolimba timene maso paokha sakanationa. Pansonga pa tsamba panalendewera dontho la mame, ndipo m'donthomo munkaoneka munda wonse utazondoka.

Ndinapita nacho kukhonde kumene amayi ankasadzula nkhwani. Anapukuta manja pachitenje, n'kulandira foni ndi manja awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwananga, wachipeza pati chimenechi?"

"Kumunsi kuja, amayi, pafupi ndi chulu."

"Ndiye wazula?"

Sindinazule. Ine ndinakulira kwa amalume ku Zomba, kumudzi ndinkangobwera patchuthi, ndipo sindinadziwe kuti ndagwadira kaufiti. Amayi anatula lichero pansi, natenga khasu. "Tiye ukandionetse." Titafika anakumba mosamala m'mbali mwa phando, kenaka anafukula ndi chala mpaka muzu wa chimanga unaonekera. Pamuzupo panali kamfundo kotuwa, pamene muzu wa kaufiti unaluma n'kukakamira. "Ukaona duwa lake," anatero, "dziwa kuti pansipa wamaliza kale ntchito." Ndinajambulanso kamfundoko. Chithunzi chake si chokongola ayi, ndi dothi ndi timizu basi, koma ndicho ndimachitsegula kawirikawiri kuposa cha duwa chija.

Kaufiti, amene m'mabuku a zomera amatchedwa Striga asiatica, amabereka njere masauzande ambirimbiri patsinde limodzi, zazing'ono ngati fumbi. Njerezo zimatha kugona m'nthaka zaka zoposa 10 osamera, kudikira kuti muzu wa chimanga kapena mapira udutse pafupi. Muzuwo ukatulutsa timadzi take m'dothi, njere imadzuka, imaluma, n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya milungu ingapo isanatulutse mutu kunja. Amakonda nthaka yoguga. Zonsezi m'chithunzi changa munalibe. Kumbuyo kwa duwa kunkangooneka kubiriwira kosalala kosakanikirana ndi chikasu, kokoma m'maso. Chikasucho chinali chimanga cha amayi chopinimbira, cholekeza m'mawondo pa nthawi imene chinzake chinali chitamasula.

Umu ndi mmene kujambula pafupi kulili. Ukayandikiza kamera chotere, malo amene amaoneka bwino amachepa kwambiri, mwina mamilimita awiri kapena atatu okha. Chilichonse cha kutsogolo kapena kumbuyo kwa malowo chimasungunuka, chimangoti mbuu. N'chifukwa chake zithunzi zotere zimagwira mtima, pakuti diso silisowa popita. Koma n'chifukwa chomwechonso zimatha kubisa zambiri popanda kunama ngakhale pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziikira lamulo loti ndikajambula chomera pafupi, ndidzuke, ndibwerere m'mbuyo mapazi khumi, ndijambulenso chachiwiri choonetsa pamene chomeracho chaima. Ndinaganizanso zosiya kuyendayenda kusaka maluwa achilendo. Ndinasankha munda womwewo, njira yomweyo yochokera ku Zomba kudzera ku Liwonde, mwezi ndi mwezi, kufikira chaka chitazungulira.

Zida zanga n'zochepa: foni, kagalasi kokulitsa zinthu kopanira pakamera yake, thumba la feteleza logwadapo, pepala loyera ndi ambulera. Mdani wamkulu ndi mphepo. Kamphepo kamene pakhungu sukamva n'komwe, pagalasi kamakhala namondwe, duwa limangothawira uku ndi uku. Choncho ndimalawira m'mamawa mpweya usanayambe kuyenda, ndimatsamira zigongono pansi, ndimagwira mpweya m'chifuwa, kenaka m'malo mosuntha chala ndimasuntha thupi lonse pang'onopang'ono kufikira pamene ndikufunapo pataoneka bwino. Dzuwa la masana limawononga, limachititsa tsamba kunyezimira ngati lata ndipo mithunzi imada bii. Likakwera ndimatchinga ndi ambulera, n'kuika pepala loyera m'munsi kuti kuwala kubwerere kunsi kwa tsamba. Pa zithunzi 30, mwina ziwiri ndizo zimatsala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mawa wina wa dzinja, ndikudikira kuti tsamba la kholowa lileke kugwedera, nkhono inatulutsa nyanga zake patsogolo pa kamera. Masowo alikodi, timadontho tiwiri takuda kunsonga kwa nyanga zazitali zija.

Sindithyola duwa kuti ndikalijambulire pabwino, ndipo sindiwaza madzi patsamba kuti aoneke ngati mame. Ena amachita, ndipo zithunzi zawo zimawala, koma madzi owaza amaonekera. Mame enieni amakhala ndi malo awo. Pachimanga chongomera kumene, dontho limakhala m'kati mwa kafanizo kamene tsamba loyamba limapanga, pa udzu limandandalika m'mphepete mwa tsamba ngati mikanda. Amene waona zimenezi kangapo sangakhutire ndi zowaza.

Dzinja ndi nyengo imene munthu sudziwa poyambira. Maungu amatsegula maluwa m'bandakucha, pofika masana afota. Lalimuna limaima pa kamtengo kakatali kowonda, lalikazi limakhala ndi kadzungu kale kunsi kwake, kaubweya, kakang'ono ngati dzira la njiwa. Njuchi imalowa m'lalimuna n'kutuluka itayera ndi mungu wachikasu mpaka kumaso, kenaka imakagwera mwa lalikazi. Amayi akamathyola chiluwe cha ndiwo amatenga aamuna okhaokha, ndiponso satha onse. Sanawerengepo buku la zimenezi, koma dzanja lawo silisokoneza. Mtedza nawo uli ndi zake. Duwa lake lachikasu likafota, pamalopo pamatuluka kamchira kosongoka kamene kamaweramira pansi n'kuboola dothi, ndipo mtedzawo umakakhwimira kumdima. Ndinagona chafufumimba kuti ndikajambule, ndipo ndili chigonere pomwepo ndinamvetsa chifukwa chimene amayi amaletsera khasu m'munda wa mtedza maluwa akayamba kugwa, n'kumazula udzu ndi manja.

Masika akafika, zobiriwira zimayamba kubweza ndipo m'munda mumadzaza zokakamira. Chisoso, chimene tinkadya masamba ake mu Januwale, chimakhala chitasanduka timipira ta singano zakuda. Singano iliyonse ili ndi timinga tiwiri, titatu kapena tinayi kumutu, ndipo ukakulitsa umapeza kuti kamunga kalikonse kali ndi timano take toloza kumbuyo ngati mbedza. Zaka zonse ndinkangodandaula pochotsa chisoso pathalauza, osadziwa kuti ndikuchita nawo ntchito yochifesa. Chitedze ndinachijambula kamodzi kokha, kumtsinje, nditaima kumene mphepo ikuchokera. Dzuwa linali kumbuyo kwake, ndipo ubweya woyabwa uja unayaka ngati golide.

M'mabuku ena amene tinkawerenga kusukulu munali nyengo zinayi za kwa eni ake, masamba kugwa chisanu chikamayandikira, maluwa kuphuka chipale chikasungunuka. Pamakalendala a m'masitolo mpaka lero pamakhala maluwa a kutali. Sindidana nawo. Ngakhale jakaranda amene amakongoletsa misewu ya Zomba ndi Blantyre mu Sepitembala ndi Okutobala kwawo ndi ku South America, ndipo ndamujambulapo kambiri. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana angathe kumaliza sukulu osauzidwapo kuti m'munda mwa agogo ake muli mtengo umene umayenda chaka mobwerera m'mbuyo.

Mtengowo ndi msangu. Wa amayi uli chapakati pa munda, ndipo anaupeza uli pomwepo pamene ankakwatiwa. Mitengo ina ikamavala masamba mvula itagwa, msangu umavula. Dzinja lonse umaima mbulanda, nthambi zotuwa zokhazokha, moti mlendo angaganize kuti unauma. Mvula ikamatha, anzake akuyamba kuyoyola, iwo ndiye umaphukira, ndipo chilimwe chonse umakhala ndi mthunzi. Kwa mlimi palibe mtengo waulemu kuposa umenewu. Sulanda chimanga dzuwa, masamba ake amagwa nthawi yobzala n'kuwolera pomwepo, ndipo poti ndi wa gulu la nyemba, umawonjezera chonde m'nthaka. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa anthu kuusiya m'minda, koma amayi ankausiya kalekale asanamve zimenezo kwa mlangizi aliyense. Kaufiti amachuluka kuchulu kuja, pansi pa msangu sindinamupezepo.

Ndaujambula mtengo umenewu kuposa chomera china chilichonse, nthambi imodzimodziyo ya m'munsi, yoloza kum'mawa, imene ndinaimanga kansalu kuti ndisaisokoneze. Mu Januwale pamakhala minga yokha, iwiriiwiri, yowongoka, yoyera kutsinde ndi kofiirira kunsonga, pa kanthambi kokhotakhota. Mvula ikamatsazika, pakati pa minga iwiriyo pamatupa, kenaka pamatuluka tsamba lopindika ngati chibakera cha khanda. Likatambasuka umaona kuti si tsamba limodzi, ndi timasamba tambirimbiri totuwira, kalikonse kosafika sentimita, tondandalikana tiwiritiwiri. Pambuyo pake pamabwera maluwa, timichira toyera mosakanikirana ndi chikasu, tonunkhira, ndipo mtengo wonse umalira njuchi. Pofika nyengo yotentha pamalendewera zikhokhombe zopotana zamtundu wa lalanje. Mbuzi za mudzi wonse zimadziwa, masana zimasonkhana pansi pake kudikira kuti chigwe, ndipo zimasiya manyowa pomwepo. Ndikaika zithunzi khumi ndi ziwiri za nthambi imeneyi pamzere umodzi, ndimatha kutchula mwezi uliwonse popanda kuyang'ana tsiku.

Kulemba tsiku ndinakuphunzira ku Zomba konkuno. Kuno kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1987, ngakhale munda wake wa zomera unayamba kale mu 1891 m'manja mwa Alexander Whyte. Kumeneko amasunga zomera zouma zomatidwa pamapepala, chilichonse ndi dzina lake, malo amene chinatengedwa ndi tsiku. Tsamba louma lopanda tsiku ndi chinyalala, koma likakhala ndi tsiku ndi malo limasanduka umboni. Chithunzi n'chimodzimodzi. Tsopano ndili ndi kope limene ndimalembamo mayina awiri, la amayi ndi la m'mabuku. Msangu ndi Faidherbia albida. Nthawi zambiri dzina la amayi ndilo limabwera ndi nkhani, ya chimene chomeracho chimachiza, chimene chimapha, ndi chaka chimene anthu anachidya chifukwa cha njala.

Juni ndi Julayi ndimadutsamo msanga. Mwera umavuta, sulola kanthu kuima. Mango amachita maluwa, nandolo nayenso, tsekera amauma n'kuyamba kumwetedwa. Masiku a chiperoni ku Zomba, mitambo ikatsika ndi kamvula kowaza, kuwala kumafewa bwino kwambiri, ndipo ndimakwera phiri kukajambula ndele pamiyala.

Koma kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, pamsewu wa pakati pa Zomba ndi Liwonde, m'mapiri a ku Machinga, pamachitika chinthu chimene sindinachizolowerebe. Kunja kuli gwaa, fumbi ndi utsi wa lupsa zatseka thambo, mvula sinagwe miyezi inayi kapena isanu, koma mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba atsopano. Satuluka obiriwira. Amatuluka ofiira, ena ngati magazi, ena ngati mkuwa, ena otuwira ngati chikhatho cha khanda, opyapyala moti dzuwa limadutsa n'kuonetsa mitsempha yonse. Akatswiri amaganiza kuti kufiirako kumateteza tsamba lanthete ku dzuwa lowotcha kufikira litakhwima, ndipo pakangotha milungu iwiri kapena itatu phiri lonse labiriwira. Masana kukatentha umamva zikhokhombe zouma zikuphulika, thee, thee, kumwaza njere kutali. Pansi, pamene moto wadutsa, timaluwa timatuluka paphulusa lenilenilo kuchokera ku mizu yonenepa yobisala m'nthaka, chizimalupsa chisanagwe n'komwe.

Kumeneku ndiye kumene lamulo la chithunzi chachiwiri limandipweteka. Masamba ofiira okongola kwambiri amene ndinawajambulapo anali ofika m'chiuno, osavuta kuwafikira, mphukira zonenepa zowala ngati zapakidwa mafuta. Nditabwerera m'mbuyo mapazi khumi, zinali mphukira za pachitsa. Pozungulira panali zitsa zina, ndipo chapatali pang'ono panali dothi lakuda pamene panali uvuni wa makala. M'mbali mwa msewu womwewo matumba a makala amakhala ataimikidwa kudikira galimoto, ndipo ena mwa iwo amathera m'mbaula za ife a m'tauni. Sindingaloze chala wowotcha makala ngati kuti ine nsima yanga imapsa ndi mpweya. Koma sindingaonetsenso anthu tsamba lofiira lija palokha, iwo n'kumati nkhalango ili bwino. Chitsa chimaphukira, inde, ndipo mitengo ya mtundu umenewu ikasiyidwa imabwerera. Kusiyidwako ndiko kukusowa.

Mlambe wa kumsika wakwathu ndinaudikira zaka ziwiri ndisanaupeze ukutsegula duwa. Limalendewera pa chingwe chachitali ngati mpira wobiriwira, ndipo limayamba kung'ambika dzuwa likamalowa, mofulumira moti umaona ndi maso likusuntha. Limatambasula zoyera zake zamakwinya, pakati n'kutsika chingwenjere cha timaulusi tambirimbiri. Fungo lake si lokoma kwa munthu, limaitana mileme. Ndinajambula ndi tochi yokutidwa ndi mpango woyera, mwana wa achimwene atandigwirira. M'mawa mwake duwa linali litayamba kale kuda, ndipo tsiku lisanathe linali pansi, mbuzi ikulinunkhiza.

Chaka cha 2024 ndinafika kumudzi pakati pa Febuluwale ndi cholinga chimodzi, kujambula ndevu za chimanga. Ndinali nditawerenga kuti ulusi uliwonse wa ndevuzo umachokera pa njere yakeyake pachitsononkho, ndipo kuti njereyo ikhalepo, mungu wochokera ku ngaiyaye uyenera kugwera pa ulusi umenewo n'kumera, kutsika m'kati mwake mpaka kukafika. Chaka chapitacho ndinali nditaona kuti ulusiwo si wosalala, uli ndi tiubweya tonata togwirira mungu. Ndinkafuna chithunzi cha mungu utagwidwa pamenepo.

Ndinapeza ng'amba. Masamba a chimanga anali atapindika ngati a anyezi, otuwa, ndipo m'mawa munalibe mame oti n'kunyowetsa bondo. Ngaiyaye zinali zitatuluka, ndipo ndikagwedeza phesi mungu unkagwa, koma unkagwera pansi. Ndevu kunalibe. Chimanga chikasowa madzi, ngaiyaye imatulukabe pa nthawi yake n'kuwaza mungu kwa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, pamene ndevu zimachedwa. Zikamadzatuluka, mungu watha. Ndinayenda mzere ndi mzere kufunafuna, ndipo pamene ndinazipeza zinali zochepa, zazifupi, zouma kunsonga ngati zawauka ndi moto. Ndinajambula. Chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri, ulusi uliwonse ukuoneka pawokha, tiubweya tija tili mbee, popanda kanjere ka mungu ngakhale kamodzi.

Mu Malichi chaka chimenecho, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Ife tinali titaziwerenga kale pa ndevu zija. Pokolola, zitsononkho zambiri zinali za magweru, njere apa ndi apo, zina zosakwana 50 pachitsononkho chonse. Mizere ya pansi pa msangu ndiyo inatipatsako kangachepe. Ndinajambula chitsononkho chimodzi pafupi, malo opanda njere akuoneka ngati timabowo ta chisa cha njuchi. Kenaka ndinadzuka monga mwa lamulo langa, ndinabwerera m'mbuyo mapazi khumi, n'kukweza foni. Pagalasi panali amayi atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, kamulu ka chimanga kali patsogolo pawo, kosadzaza ngakhale ngolo imodzi. Sankalira. Ankangosankha, chabwino uku, chowola uku. Ndinatsitsa foni, n'kukhala nawo pamphasapo. M'kope langa tsiku limenelo lili ndi chithunzi chimodzi chokha, ndipo ndi tsiku lokhalo lotero.

Ndinakhala miyezi ingapo osajambula. Ndinkapitabe kumudzi, koma ndi thumba la ufa, kagalasi kaja katatsala m'kabati. Amayi ndiwo anandifunsa, chakumapeto kwa chilimwe, tikusosa.

"Mwananga, zojambula zija unasiya?"

"Mtima sukufuna, amayi."

"Nanga kansalu kako kali kumsangu kuja kakudikira ndani? Masamba ayamba kugwa. Ubwere nayo foniyo mvula ikagwa."

Mvula yobzalira itagwa ndinabwera nayo. Tinabzala Lachiwiri, ndipo Lolemba lotsatira ndinalawira kumunda kusanayere bwino. Pansi pa msangu panali patayalidwa timasamba tija, tonyowa, tosanduka khofi, tomatirira padothi. Nthambi yanga ya kum'mawa inali itatsala minga yokha. Ndinayala thumba, ndinagwada, n'kutsamira zigongono m'matope. Paphando loyamba chimanga chinali chitaboola, kansonga kobiriwira kotalika ngati chala, katanyamula kumutu kwake kasamba kamodzi ka msangu kamene kanakatukula potuluka. M'kafanizo kake munali dontho. Ndinagwira mpweya kudikira kuti mphepo idutse. Kumbuyo kwanga ndinkamva khasu la amayi likugunda pang'onopang'ono, akupakiza m'mapando amene mbewa zinafukula.